Mikuyu Itatu ndi Ulendo wa ku Lochinvar

Pamene ndinali mwana, kumunsi kwa mudzi wathu ku Dedza kunali dambo lalikulu, ndipo kumutu kwa dambolo kunali kasupe wozingidwa ndi mikuyu. Ife anyamata oweta ng'ombe tinkadziwa mbalame iliyonse ya pamenepo ndi dzina lake, osati chifukwa cha kuzikonda ai, koma chifukwa tinkazisaka. Legeni sinkachoka m'khosi mwanga, ndipo kuphika ulimbo ndinkakudziwa bwino koposa masamu a kusukulu. Mpheta, njiwa ndi apumbwa tinkaotcha kubusa. Atsekwe tinkangowasirira patali. Nantchengwa yekha ndiye tinkamuopa, pakuti akulu ankatiuza kuti wopasula chisa chake amaona tsoka. Lero dambo lija ndi madimba okhaokha, kasupe amangodontha mwezi wa Okutobala, ndipo mikuyu yatsala itatu. Atsekwe analeka kubwera chaka chiti, palibe munthu m'mudzimo amene anasunga, ndipo ine ndemwe sindinazindikire kuti apita.

M'chaka cha 2022, m'mwezi womwewo wa Okutobala, ndinali ku Monze m'dziko la Zambia kukacheza kwa mwana wanga wamkazi amene anakwatiwa kumeneko. Tsiku lina madzulo mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anandiimbira lamya kuchokera kumudzi. Atatha malonje anati, "Atsibweni, njerwa ndaumba zokwanira, koma nkhuni zootchera zikundisowa. Ndiloleni ndigwetse mikuyu ija ya pa kasupe mvula isanagwe." Mnyamatayu sanapemphe mwachipongwe. Ali ndi mkazi ndi ana atatu m'nyumba yaudzu yothonya, ndipo anachita bwino kufunsa ine monga mwini mbumba, pakuti ena masiku ano amayamba agwetsa mtengo, nafunsa pambuyo pake. Ndinamuyankha kuti adikire sabata imodzi. Koma kunena zoona, mumtima mwanga ndinali nditavomera kale. Ndinati, kodi mikuyu itatu ingapose denga la adzukulu?

Sabata yomweyo mkamwini wanga, pofuna kundichereza, anati tipite tikaone malo osungirako nyama otchedwa Lochinvar, amene ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumpoto chakumadzulo kwa Monze. Ndinavomera chifukwa cha ulemu chabe. Ndinali nditaonapo njovu ndi mvuu ku Liwonde, tsono nditamva kuti ku Lochinvar anthu amapitirako makamaka mbalame, ndinaseka ndekha. Munthu wamkulu kuononga petulo kukaona mbalame! Tinanyamuka tambala woyamba atalira, anthu atatu: mkamwini, ine, ndi mdzukulu wanga wa zaka 11, amene anafumbata buku la zithunzi za mbalame ndi magalasi oonera patali obwereka kwa aphunzitsi ake.

Lochinvar ndi malo ang'ono, masikweya kilomita 428, ocheperapo ndi a ku Liwonde kwathu. Dzina lakelo nlochokera ku Scotland, pakuti kale malowa anali famu ya ng'ombe ya Azungu. Boma linawagula m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1972 linawalengeza kukhala malo otetezedwa a dziko lonse. Eni famu aja anapha mikango ndi zilombo zina zolusa pofuna kutchinjiriza ng'ombe zao, motero lero munthu atha kutsika m'galimoto ndi kuyenda pansi pamodzi ndi mlonda wa nyama. Pa chipata anatipatsa mlonda wotere, bambo wa Chitonga wolankhula Chinyanja chomveka bwino, ndipo anakwera nafe.

Polowa kuchokera kumwera, munthu amayamba wadutsa m'nkhalango ya mitengo yaminga ndi timapiri, kumene kumakhala ngoma, mbawala ndi anyani. Kenaka mitengo imachepa, nkuyamba chigwa cha udzu chodzala ndi zulu, chulu chilichonse chili ndi kachitsamba kake pamwamba. Pamenepo tinaona mbidzi zochepa zili kudya. Potsiriza zulu nazo zimatha, ndipo patsogolo pamangoti see, dziko lathyathyathya lopanda mtengo kufikira kumene maso alekeza. Limeneli ndilo dambo la mtsinje wa Kafue. Mtsinjewu ukafika m'dera lino umasowa potsetsereka, tsono nyengo ya dzinja umasefukira ndi kumiza dziko lalikulu, ndipo chilimwe chikafika umabwerera pang'onopang'ono, nusiya msipu wobiriwira. Atonga ndi Aila akhala akutsata msipu umenewu ndi ng'ombe zao kuyambira kale lomwe.

Tili chiyendere, mlonda analoza kutsogolo. Ine ndinaona ngati mzere wofiirira wa udzu wouma, koma mzerewo unayamba kuyenda. Zinali nyama zonga mbawala zikuluzikulu, mazanamazana, zimene zimatchedwa lechwe. Aila amati nanja. Mtundu uwu wa lechwe supezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa dambo la Kafue pokha. Ziboda zake nzazitali ndi zotakasuka kuti zisamatitimire m'matope, ndipo matako ake ngokwera kuposa mapewa. Pamtunda pouma zimathamanga mopepera, koma zikaopsedwa zimathawira m'madzi, m'mene zimalumpha mwaliwiro madzi ali thovu lokhalokha, mwakuti galu kapena fisi sangazipeze. Zamphongo zili ndi nyanga zazitali zopindikira m'mbuyo. Zina tinaziona zili kudya udzu madzi akuzilekeza m'mimba, mitu yokha ndi misana zili poyera.

Dzuwa litakwera pang'ono tinafika pa thamanda lalikulu la Chunga. Ine ndinatsika ndi mtima wa kubusa uja, kuyenda msangamsanga kulunjika kumadzi ndi kulankhula mokweza. Mbalame zonse za pafupi zinauluka nthawi imodzi, kumwamba kunachita bii, ndipo patsogolo panga panatsala matope okha. Mlonda sanandidzudzule. Anangoti, "Bambo, tiyeni tikhale pansi apa. Zibwera zokha." Ndinachita manyazi pamaso pa mdzukulu wanga, ndipo ndinakumbukira mau a makolo akuti kuona maso a nkhono nkudekha. Tinakhala chete pa kachitunda, dzuwa lili kutitentha m'khosi, kwa nthawi yonga theka la ola.

Zinabweradi. Oyamba anali akakowa, oyera mbee, natera mmodzimmodzi m'mphepete mwa madzi. Pambuyo pao panafika atsekwe ndi abakha a m'thengo a nkhope zoyera, amene poulukapo amalira ngati likhweru. Chapatali avuwo anali kusambira pamzere, namiza milomo yao ya matumba nthawi imodzi, monga asodzi okoka khoka. Panali adokowe akuda amene milomo yao siikumana pakati, ndipo mdzukulu wanga anawerenga m'buku kuti mlomo wotere ngwotulutsira nkhono za m'madzi m'zigoba zake. Panalinso kambalame kofiirira ka zala zazitali kwambiri, koyenda pamwamba pa masamba a kakombo osamira. Bukulo linati pa mtundu umenewu wofungatira mazira ndi tambala, ndipo pakakhala choopsa amanyamula anapiye m'mapiko mwake, timiyendo tao tili lendelende. Pamwamba pa zonse nkhwazi inalira itagadamitsa mutu. Mkamwini anati, "Imeneyo ndiyo ili pa mbendera yathu." Ine ndinati, "Kwathunso ili pamwamba pa chizindikiro cha boma." Tinaseka motsitsa mau.

M'matope munali timbalame tating'ono totuwa, tosaoneka bwino, timene ine sindikanatiyang'ana kawiri. Mlonda anati timeneto tangofika kumene kuchokera kumpoto kwa Ulaya ndi ku Siberia, kumene timaswa, ndipo tidzabwerera mvula ikamatha. Ndinatiyang'ana m'magalasi kwa nthawi yaitali. Kanthu kosadzaza dzanja la mwana, kuoloka nyanja ndi chipululu cha Sahara kudzafuna matope a pa Kafue! Ndinadzifunsa kuti mwa timbalame tonga timeneti, ndi tingati timene ndinatigenda ndi legeni pa dambo la kwathu, titangofika kumene pa ulendo wotere.

Mdzukulu wanga anabadwira ku Monze, ndipo Chitonga ndi Chingerezi amazilankhula bwino koposa Chichewa. Iye ankapeza chithunzi m'buku nanena dzina la Chingerezi, kenaka nkundifunsa, "Agogo, iyi kwanu mumati chiyani?" Ndinadabwa kuona maina amene ndinali ndisanawatchule kwa zaka makumi asanu akutuluka okha pakamwa panga: mphipi, nanzeze, kamtema, nkhwali. Pamene mbalame yofiirira ya mutu wonga nyundo inatera pafupi nafe, ndinanena mofuula pang'ono, "Nantchengwa!" Mwanayo analemba dzinalo m'kope mwake, nandifunsa kuti, "Kodi kumudzi kwanu aliko?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere, koma ndinaona kuti ndinganame. Chisa chake chachikulu chija chinkakhala pa mphanda ya mkuyu wa pa kasupe, ndipo mkuyu umenewo unagwetsedwa kale. Ndinangoti, "Analiko."

Mabuku amati mu Lochinvar mwaoneka mitundu ya mbalame yoposa 420. Ife tsiku lija tinalemba 47. Koma imene mlonda anafunitsitsa kuti tiione inali imodzi, imene m'Chingerezi amaitcha wattled crane. Tinaipeza dzuwa lili pamutu, ziwiri zitaima m'madzi osaya. Ndi mbalame yaitali ngati munthu wamkulu, ya msana wotuwa, khosi loyera, nkhope yofiira, ndi tinyama tiwiri tolendewera pansi pa chibwano monga ta mbuzi zina. Yaimuna ndi yaikazi zikakwatirana sizilekana, ndipo ngakhale ziikire mazira awiri zimalera mwanapiye mmodzi yekha. Chakudya chake chachikulu ndi timizu tonenepa ta udzu wa m'madzi, timene zimakumba ndi mlomo monga anzathu a ku Nsanje amakumbira nyika nthawi ya njala. Zimakonda kutsata pamene lechwe zadya ndi kuponda, pakuti pamenepo udzu umakhala waufupi ndi nthaka yofewa. Pa dziko lonse mbalamezi sizifika 10,000, ndipo pafupifupi 3,000 mwa izo zimakhala pa dambo la Kafue. Kwathu zinkaswa pa phiri la Nyika, koma tsopano sizionekaoneka.

Pamenepo mlonda anatifotokozera chimene chimamudetsa nkhawa. Mbalameyi imamanga chisa pa kamulu ka udzu pakati pa madzi osaya, pa nyengo imene chigumula chafika pachimake ndi kuyamba kuphwa. Madzi akachepa msanga, zilombo zimafika pa chisa. Akakwera pa nthawi yosayenera, chisa chimamira. Kale madzi ankasunga nyengo yake. Koma kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 anamanga damu la magetsi kumunsi kwa dambo, pa Kafue Gorge, ndipo mu 1977 anatsiriza lina kumtunda, pa Itezhi-Tezhi. La kumtunda limagwira madzi a dzinja ndi kuwatulutsa chilimwe. La kumunsi limabweza madzi m'mbuyo, kotero malo ena amene ankauma chaka ndi chaka tsopano sauma konse. Pa malo osinthika otere panamera chitsamba chaminga chochokera ku America, chotchedwa Mimosa pigra, chimene masamba ake amafota ukachikhudza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 chinafalikira mpaka kuphimba mahekitala pafupifupi 3,000 a msipu wa lechwe. Kuyambira mu 2017 a bungwe la International Crane Foundation, mogwirizana ndi boma, analemba ntchito anthu a m'midzi yozungulira kuti achidule ndi kuchitentha, ndipo tinaona ndi maso athu malo aakulu amene udzu wabwerera. Komabe chiwerengero cha lechwe chimanena zambiri: kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 zinalipo zoposa 90,000 pa dambo lonse, koma powerenga mu 2015 sizinafike 30,000. Opha nyama mobisa ali ndi gawo lao pa zimenezi, matenda a chifuwa chachikulu cha ng'ombe alinso ndi gawo lao.

Chimene chinandigwira mtima nchakuti m'nkhani yonseyi sindinapezemo munthu woipa mmodzi woti nkumuloza chala. Omanga madamu ankafuna magetsi a m'migodi, m'zipatala ndi m'nyumba, ndipo nyali ya m'nyumba ya mwana wanga ku Monze imayaka ndi madzi omwewo. Woweta ng'ombe afuna msipu, msodzi afuna nsomba, ngakhale wosaka mobisa uja kawirikawiri ali ndi ana anjala. Aliyense anali ndi chifukwa chomveka, monga mphwanga ndi njerwa zake.

Pobwerera masana tinapatukira ku akasupe otentha a Gwisho, kumwera kwa malowa, kumene nkhalango imakumana ndi chigwa. Patali munthu amayamba waona migwalangwa italiitali, ndipo akayandikira amapeza nthaka yoyera ndi mchere ndi timifuleni tofuka nthunzi tikuyenda m'kati mwa udzu. Akasupe otere kwathu aliko, ku Nkhotakota, ku Liwonde ndi ku Chiweta, ndipo chiyambi chake nchimodzimodzi. Pansi pa malowo thanthwe linang'aluka. Madzi a mvula amalowa pansi penipeni, kumene miyala njotentha, natenthedwa ndi kusungunula michere ya m'miyalayo, kenaka nkukwera potsata mng'alu uja. A pa Gwisho amatuluka ndi kutentha kwa madigiri 60 kufikira 90, ndiye kuti ena amangotsala pang'ono kuwira. Mlonda anachenjeza mwana kuti asaviike chala. Ine ndinaviika nsonga ya ndodo yanga, ndipo poikhudza ndinabweza dzanja msanga. M'matope a m'mbali munali mapazi a nyama zobwera kudzanyambita mchere.

Pafupi ndi akasupewo pali timitunda ting'onoting'ono, ndipo mlonda anatiimika pa kamodzi. Pakati pa 1960 ndi 1964 akatswiri ofukula zakale, Creighton Gabel, Brian Fagan ndi Francis van Noten, anakumba pamenepa napeza mafupa a anthu oposa 30 amene anakhala pa malowa zaka zoposa 4,000 zapitazo. Anthuwo sankalima, sankaweta, ndipo chitsulo sankachidziwa. Ankakhalira kusaka ndi kutola zipatso, monga Akafula amene makolo athu amasimba, amene zojambula zao zina zili m'mapanga a ku Chongoni kwathu ku Dedza. Chifukwa nthaka ya pamenepo siiuma, zinthu zimene kwina zikanaola zinasungika: ndodo zokumbira mizu, zidutswa za mivi, udzu wogonera, njere za zipatso. Panapezekanso mafupa a nyama zimene ankadya, njati, njiri, mbidzi, nyumbu ndi lechwe.

Ndinakhala pansi pa mgwalangwa, ndodo ili pa maondo. Anthu aja anamwa pano, nasaka pano, naika akufa ao pano mibadwo yambirimbiri, ndipo pochoka anasiya lechwe zilipo, mbalame zilipo. Pambuyo pao anadza alimi osula chitsulo, amene mudzi wao unali pa phiri la Sebanzi pafupi pomwepo, nawonso anasiya zonse zilipo. Kuchepa kwakukulu kwachitika m'zaka za moyo wanga, ndipo kwadziwika chifukwa panali anthu amene anadekha nawerenga. Kwathu kunalibe wowerenga. Mkuyu uliwonse unagwa ndi chifukwa chake chabwino, wina kusema mtondo, wina kuotcha njerwa za sukulu, wina kukuza dimba. Mthunzi utachoka ndi makasu atafika pa mlomo penipeni pa kasupe, dothi linayamba kukokolokeramo. Atsekwe anachoka, nantchengwa anachoka, ndipo kuchoka kwaoko kunali kutiuza za madzi athu, koma ife amene tinkadziwa maina ao tinali titaleka kuyang'ana. Akulu anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Amai a m'mudzi mwathu, amene tsopano amalawirira usiku kukadikira madzi pa mjigo, akudziwa tanthauzo la mau amenewa koposa ine.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Kukaniza mphwanga kunali kosavuta kwa ine wogona m'nyumba ya malata, ndipo ndinadziwa kuti kukana kopanda chopereka kukanangobala chidani, mikuyu nkudzagwa ndithu ine nditafa. Kuseri kwa nyumba yanga kumudzi kunali mitengo ya bulugamu 14 imene ndinabzala nditangopuma ntchito ya uphunzitsi. Ndinkaisunga kuti ndidzachekese matabwa ndi kugulitsa pa tsiku la matenda, pakuti penshoni ya mphunzitsi siifika patali. M'mawa ndinamuimbira lamya. Ndinati, "Mikuyu ija isiye. Kadule bulugamu wanga yense uotchere njerwa zako. Koma mvula ikagwa, iwe ndi ana ako mukazike nthambi za mkuyu pozungulira kasupe, ndipo dimba lako ulibweze m'mbuyo mapazi khumi." Anakhala chete kanthawi, pakuti ankadziwa chimene mitengoyo inali kwa ine. Kenaka anati, "Ndamva, atsibweni." Za dimba anadandaula, ndipo mpaka lero tikakumana amazitchulabe.

Nyumba ija inamangidwa, ndipo adzukulu akugona pouma. Mwa nthambi 12 zimene anazika, zisanu zinaphuka. Zina mbuzi zinadya. Kasupe sanasinthe kwenikweni, ndipo sindiyembekeza kuti ndidzamuona atabwerera mwakale ndi maso angawa. Nantchengwa sanabwere. Chaka chatha nditadwala, ndalama za matabwa aja ndinazifuna ndithu, ndipo anandithandiza ndi ana.

Tsono inu makolo anzanga owerenga, sindikuti nonse mupite ku Lochinvar, ngakhale amene angathe adzakondwa. Apite nyengo ya chilimwe, pakuti dzinja njira zake zimamira. Pempho langa nlaling'ono. Tengani mwana kapena mdzukulu m'mamawa, mukakhale naye chete pa dambo, pa mtsinje kapena pa chitsime cha kwanu kwa theka la ola. Muuzeni maina a mbalame zimene muone, ndipo iye alembe. Mumuuzenso zimene zinkabwera kale koma tsopano sizibwera, alembe pa tsamba lina. Mdzukulu wanga anabwera kumudzi pa tchuthi ndi kope lake lija, ndipo tinachita zomwezo pansi pa mikuyu itatu. Tsamba loyamba linali ndi maina 19. Tsamba lachiwiri linali ndi maina asanu ndi awiri, ndipo iye wasiya mpata pambali pa dzina lililonse, woti adzalembepo tsiku limene mbalameyo idzaonekenso.